Kayambitsidwe ka gulu lokambirana mabuku, monga timachitira kuno ku Mulanje

Funso ili landipezapo pamaliro, landipezapo m'minibasi yochokera ku Limbe, ndipo sabata yatha landipeza ndili pamzere wa kuchigayo pa Chitakale: "Aphunzitsi, kodi gulu lanu lija la mabuku mumaliyendetsa bwanji? Nafenso tikulifuna kwathu." Ndakhala ndikuyankha mwa apo ndi apo, uyu kumuuza za mabuku, uyu za malo okumanira, mpaka ndaona kuti ena akukayamba ndi theka la malangizo, gulu n'kufa pamkumano wachitatu. Ndiye ndati ndilembe kamodzi. Wina akandifunsanso ndizingomutumizira izi.

Aliyense amayamba n'kudandaula za kusowa kwa mabuku. Limenelo ndi vuto ndithu, koma si limene limapha gulu. Gulu limafa chifukwa anthu akakhala pansi, buku lili pamiyendo, amalephera kunena za kumtima kwawo. Nkhani imeneyo ili pa nambala 5, ndipo ndikhalitsapo. Koma tiyambire kuchiyambi.

1. Sankhani anthu oti angathe kutsutsana

Anthu 6 mpaka 10 ndi okwanira. Mukachepera apo, awiri akapita kumaliro mkumano watha. Mukapitirira, ena azingobwera kudzaonerera.

Musadzaze gulu ndi aphunzitsi okhaokha. Ndikunena izi ndili mphunzitsi wopuma: ife tikachulukana timasandutsa zonse mayeso. Pezani wothyola tiyi, wa kabaza, mayi wogulitsa zinanazi pamsewu, mnyamata amene walemba kumene MSCE, namwino ngati alipo. Munthu wovutika kuwerenga musamutaye. Tili ndi agogo ena omwe mdzukulu wawo amawawerengera madzulo, ndipo pokambirana palibe amene amawaposa.

Chenjezo lomwe anthu a kutauni sangaliganize: musaike pagulu limodzi anthu omwe mwambo sukuwalola kukangana. Kuno ambiri timakwatirana mwa chikamwini, kutanthauza kuti mwamuna amakakhala kumudzi kwa mkazi. Mkamwini sanganene kuti "ayi, pamenepo sindikugwirizana nanu" kwa apongozi ake, ngakhale nkhani ikhale ya m'buku. Adzangokhala chete chaka chonse, akugwedeza mutu. Chimodzimodzinso kapitawo wa kuesiteti ndi anthu omwe amawalembera makilo a tiyi. Ngati onse akufuna kuwerenga, ayambitseni magulu awiri.

2. Tsiku ndi malo

Kumanani kamodzi pamwezi, ndipo tsikulo likhale lodziwika, monga Lamlungu loyamba la mwezi, 2 koloko masana. Loweruka limataya abale athu a Seventh Day, omwe ndi ambiri kuno ndi ku Thyolo, makamaka mbali ya Makwasa kumene kuli mishoni ya Malamulo. Lachisanu masana limataya Asilamu. Tsiku la msika wa kwanuko, kaya ndi Limbuli, Nkando kapena Luchenza, musaliyerekeze n'komwe.

Yambitsani gulu mu Meyi kapena Juni, anthu atakolola. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amakhala ataphuka kwambiri, othyola amaweruka atatheratu, ndipo kumunda nako kukudikira. Gulu lobadwa mu Januwale silifika patali. Miyezi imeneyo ikafika gulu lili kale pamiyendo, sankhani zowerenga zifupizifupi, monga ndakatulo kapena nkhani imodzi ya m'nyuzipepala. Mu Okutobala onetsetsani kuti tsiku lanu silikugundana ndi mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde.

Malo akhale ofolera. Pansi pa mtengo wa mango m'pokoma mpaka chiperoni atatsika m'phiri, kamvula kowaza kaja ka m'nyengo yozizira komwe kamatha masiku atatu osakata, ndipo pepala silimvana ndi chinyontho. Pemphani kalasi kwa ahedi a sukulu yapafupi, apo ayi khonde lalikulu la mmodzi wa inu. M'tchalitchi ine sindilimbikitsa, chifukwa munthu akangolowamo mawu ake amasintha, amayamba kuyankhula ngati ali paguwa.

Musanakumane koyamba, kawadziwitseni amfumu. Anthu khumi okumana mwezi ndi mwezi atanyamula mapepala, ena adzati mwayambitsa chipani.

3. Kupeza mabuku ndi kuwayendetsa

Yambani ndi omwe ali m'nyumba zanu. Aphunzitsi opuma, abusa ndi makatekisiti ambiri ali ndi mabuku m'masutikesi pansi pa bedi. Funsani kulaibulale ya sekondale yapafupi ngati angakubwerekeni mabuku omwe anachoka pasilabasi, chifukwa amenewo amangodyedwa ndi chiswe. Wina akamapita ku Blantyre kapena ku Limbe, mutumeni kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu komanso kusitolo ya mabuku ya CLAIM. Pogula buku lakale, tsegulani kumapeto muone ngati masamba omaliza alipo. Tinagulapo buku lina lokoma kwambiri, anthu asanu n'kuliwerenga, kenako n'kuzindikira kuti mutu wotsiriza unathothoka kalekale.

Buku loyamba likhale la Chichewa, lalifupi, ndiponso lokhala ndi munthu wochita zinthu zoti anthu angakangane nazo. Mabuku a Chichewa otere alipo kuyambira kale. Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josiah Ntara, linatuluka mu 1933, ndipo olemba ena ambiri anatsatira pambuyo pake, moti musavomere zoti zowerenga za m'chiyankhulo chathu kulibe. Chingerezi chidzabwera gulu likakhazikika. Mukayamba nacho, amene anapita patali ndi sukulu adzalanda bwalo tsiku loyamba lomwelo.

Nthawi zambiri mudzakhala ndi buku limodzi kapena awiri pa anthu 8. Gawani mwezi: aliyense masiku atatu kapena anayi, ndipo mndandanda utsate kumene anthu amakhala, kuti buku lizichoka nyumba iyi kupita yoyandikana nayo, osati lichoke ku Likhubula lipite ku Muloza libwererenso. Mlembi akhale ndi kope lolembamo dzina, tsiku lotenga ndi tsiku lopereka. Buku liziyenda m'jumbo nthawi zonse, ndipo kunyumba lizikhala pamwamba. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatiphunzitsa zimenezi mowawa: mabuku omwe anali m'katoni pansi anasanduka phala.

Ena adzati tingokachita fotokope buku lonse. Kanani. Lamulo la zokopera ntchito za aluso, lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira, sililola, komanso olemba athu amapeza kangachepe kale. Mukawerengera bwino mtengo wa fotokope wa masamba onse, mupeza kuti mukanasonkherana n'kugula lina.

4. Kuwerenga kokonzekera kukambirana

Aliyense akhale ndi kakope. M'buku la gulu salembamo, sapindanso masamba. Powerenga, lembani zinthu zitatu zokha, chilichonse ndi nambala ya tsamba: pomwe panakukhudzani, pomwe panakukwiyitsani kapena simunakhulupirire, ndi funso lomwe mukanamufunsa wolembayo mukanakumana naye. Nambala ya tsamba ndi yofunika chifukwa patsiku lokumana, buku lidzakhala litachoka m'manja mwanu milungu itatu yapitayo.

Amene sanamalize abwerebe, koma anene poyera kuti analekezera pati. Choipa ndi kufunsa mnzako panjira kuti "zinatha bwanji?" n'kudzayankhula ngati wawerenga. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo pabwalo la mabuku amagwidwa msanga.

5. Kunena maganizo ako, osati kubwereza nkhani

Tafika pamene magulu ambiri amagwera.

Mukafunsa kuti "buku ili mwaliona bwanji?", mudzamva mayankho a mitundu itatu. Woyamba adzayamba kufotokoza nkhani yonse kuchokera tsamba loyamba, kwa anthu omwe aiwerenga kale. Wachiwiri adzati, "Buku ili ndi labwino, lili ndi phunziro lakuti tizimvera makolo." Wachitatu adzati, "Ine ndingogwirizana ndi zomwe anena anzangawa." Pakatha theka la ola, zonse zatha, anthu ayamba kukamba za mtengo wa feteleza. Mwezi wotsatira abwera anayi.

Si kuti anthuwa alibe nzeru. Amvereni omwewo akamachokera kubwalo la amfumu kukamvera mlandu wa malire a munda: amazukuta mawu a mboni iliyonse, amadziwa amene wanama ndi pomwe wanamira. Luso lilipo. Chimene chimawamanga pakamwa ndi zinthu zitatu.

Choyamba, ambiri a ife mabuku omwe tinakula nawo ndi Baibulo kapena Korani ndi mabuku a sukulu, ndipo amenewo sitinaphunzitsidwe kutsutsana nawo. Tinazolowera kuti cholembedwa ndi choona, ndipo ntchito ya wowerenga ndi kupezamo phunziro. Chachiwiri, amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi tikukumbukira kuti mabuku ankatha kumangitsa munthu. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe loletsa mabuku ndi mafilimu, ndipo mlakatuli Jack Mapanje anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Riferendamu ya 1993 inasintha malamulo, koma lilime lomwe linazolowera kusamala silimasuka tsiku limodzi. Chachitatu ndi ulemu wathu womwewu. Wamkulu akayankhula, mwana sabweza.

Nazi zomwe zatithandiza.

Kufotokoza nkhani kupatsidwe kwa munthu mmodzi, mphindi zisanu, poyambirira. Akamaliza, wapampando anene momveka kuti nkhani taimva, kuyambira pano palibenso wobwereza. Wina akayambanso "ndiye mtsikana uja anapita kwa amalume ake", mudule mwaulemu: "Zimenezo tonse taziwerenga, mayi. Inuyo kupitako mukuti anachita bwino?"

Oyamba kuyankhula akhale wamng'ono pa onse, ndipo akuluakulu ndi ophunzira kwambiri ayankhule kumapeto. Lamulo ili likuoneka lotembenuza mwambo, ndiye lifotokozeni bwino tsiku loyamba. Ife tinati ndi monga pabwalo la milandu, pomwe amfumu amayamba amva onse asanatsegule pakamwa. Akuluakulu anakondwa nako kufanizirako, ndipo achinyamata anapeza mpata wonena zawo asanamve zoti agwirizane nazo.

Musafunse funso lotambalala. Funsani ngati mukuzenga mlandu. Mpangankhani, kutanthauza munthu wopezeka m'nkhanimo, muikeni pakati pa bwalo. Wolakwa ndani apa, mkazi kapena mwamuna? Akanakhala mlongo wanu mukanamulangiza chiyani? Chilango chomwe analandira chikulingana ndi mlandu wake? Mafunso otere palibe amene amakhala chete. Tinawerengapo nkhani ya mtsikana yemwe anathawa ukwati womukakamiza n'kusiya amayi ake akudwala. Nditafunsa kuti "mwaiona bwanji", onse anati ili ndi phunziro labwino. Nditafunsa kuti "ndani pano akanathawa?", amayi awiri anakangana mpaka dzuwa kulowa kuseri kwa minda ya tiyi, wina akuti mwana wosiya make pamphasa ndi wotembereredwa, wina akuti make yemweyo ndi amene analandira ndalama za mwamunayo.

Anthu akazolowera kuweruza apangankhani, akwezeni pa sitepe ina, yomwe ndi yovutirapo: kuweruza wolemba. Ambiri sadziwa n'komwe kuti n'zololedwa. Funso lomwe limatsegula chitseko ndi ili: "Kodi wolembayu watinamiza pati?" Apa ndi pomwe kusakaniza anthu kuja kumabala zipatso. Tsiku lina tinali ndi nkhani yomwe mwininkhani wake ankagwira ntchito paesiteti, ndipo wolemba analemba kuti ankathyola tiyi wambiri mu Ogasiti mpaka dengu kusefukira. Mayi wina yemwe anali asanayankhulepo miyezi itatu anaseka n'kunena kuti, "Ameneyu sanathyolepo. Mu Ogasiti tiyi wake uti? Nthawi imeneyo ambiri amakhala atatiimitsa ntchito." Kuchokera tsiku limenelo mayiyo sasowanso chonena, chifukwa anazindikira kuti pali zina zomwe iye akudziwa kuposa munthu wosindikiza buku. Mafunso ena a mtundu umenewu: ndi pati pomwe nkhani inakutopetsani? Anthu a m'bukuli akuyankhula ngati anthu enieni, kapena ngati akuwerenga kalata? Pampondachimera, pamene zinthu zafika povuta penipeni, wolemba anakonzekera bwino kapena wangogwetsa ngozi ya galimoto kuti athane nazo?

Ganizo lililonse likhale ndi mwendo woimirapo. Munthu akati "bukuli silinandisangalatse", yankho la gulu ndi "pati?" Atsegule kakope, atchule tsamba, wina awerenge mokweza ndime imeneyo. Mkangano ukakhala pa tsamba, suthamangira pa munthu.

Phunzitsananinso mawu otsutsira mwaulemu, chifukwa wachinyamata amafuna njira yodutsira. "Bambo, mwanena zomveka, komatu ine pa tsamba 40 pandiimitsa." "Agogo, mundikhululukire, ine ndinaziona mwina." Akuluakulu nawo aphunzire kuyankha kuti "tanena, mwanawe, tikumve" m'malo mwa "ukadzakula udzamvetsa". Mawu otsirizawa amatseka pakamwa pa mwana chaka chathunthu.

Ndiulule kulakwa kwanga. Chaka choyamba, mnyamata wina wa kabaza ananena kuti munthu yemwe tonse tinkamutenga ngati woipa m'nkhani ndi yekhayo amene ankanena zoona. Ine, ndi uphunzitsi wanga, ndinamuyankha kuti sanamvetse cholinga cha wolemba, n'kumufotokozera bwinobwino ngati ndili ndi choko m'manja. Anati "chabwino, aphunzitsi", ndipo sanabwerenso. Patapita nthawi ndinaliwerenganso bukulo n'kuona kuti mnyamatayo anali ndi mfundo, mwinanso kuposa yanga. Ndimakumana naye pa siteji, amandinyamula, timacheza za mpira. Za mabuku safuna. Choncho ngati ndinu wapampando, ntchito yanu ndi kufunsa, ndipo maganizo anu muwasunge mpaka onse atatha. Upampandowo uzizungulira mwezi ndi mwezi kuti usamere mizu pa munthu mmodzi.

Ndipo mukafunsa funso anthu n'kukhala zii, musathamangire kudziyankha nokha. Dikirani. Imwani tiyi wanu. Chete amawawa, ndipo pamapeto pake wina amalephera kupirira n'kuyankhula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mkumano usamathe ndi kugamula kuti walondola ndani. Anthu abwerere kwawo akukanganabe m'njira.

6. Buku likakhudza chilonda

Kuno nkhani ya malo siichedwa kutentha. Mukawerenga buku la mbiri lokamba za thangata, dongosolo lija la nthawi ya atsamunda lomwe anthu okhala pamalo a mzungu ankagwira ntchito paesiteti m'malo mwa lendi, dziwani kuti simukukamba zakale zokha. Thangata anali chimodzi mwa zomwe zinautsa John Chilembwe mu 1915 kwa anansi athu ku Chiradzulu, ndipo mpaka lero ku Thyolo ndi ku Mulanje kuli mabanja olima kachigawo kakang'ono m'mphepete mwa minda ya tiyi yosaoneka malire. Wina pagulupo agogo ake anathamangitsidwa pamalo, wina amadyera paesiteti pomwepo. Musaithawe nkhaniyo, chifukwa masiku otere ndi omwe anthu amawakumbukira. Aloleni akuluakulu afotokoze zomwe anamva kwa makolo awo, kenako muyerekeze ndi zomwe buku lanena. Chokhacho, za zipani za lero zitsale panja.

Choopsa china ndi miseche yovala chikuto cha buku. Wina amayamba bwinobwino za mpangankhani wachigololo, kenako "ngati ajawa a kuseri kwa chigayo". Lamulo likhale lachidule: pano sititchula munthu wamoyo wa m'mudzi muno, ngakhale mophiphiritsa. Komanso wina akatsegula mtima n'kunena kuti zomwe zili m'bukuzi zinamuchitikira, zimenezo zimathera pakhonde pomwepo.

7. Ndalama

Zikhale zochepa. Sonkhani kangachepe pamwezi, kokwanira kugula buku limodzi pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo msungichuma aziwerenga poyera zomwe zalowa ndi zotuluka. Otumiza pa Airtel Money kapena Mpamba aonjezere yochotsera. Wotaya buku agule lina. Kupitirira apo, musatengere malamulo a banki mkhonde, zolipiritsa wochedwa ndi wojomba, ndipo musayambe kukongozana ndalama za gulu. Ndaonapo gulu lina lomwe linayamba ndi mabuku, lero limangokumana kuwerengetsana chiwongoladzanja.

Zakudya musapikisane nazo. Tiyi ndi chinangwa chophika kapena zitumbuwa basi. Mukayamba nkhuku, wosauka adzadwala tsiku lomwe gulu likubwera kwake.

8. Kulemba zomwe mwakambirana

Ambiri mumafunsanso za gulu la pa WhatsApp. Likhalepo, koma la zidziwitso: buku lili kwa yani, tikumana kuti. Mukayamba kukambirana bukulo pafoni, omwe alibe foni yaikulu kapena bandulo atsalira, ndipo omwe sanafikiridwe ndi buku amva mathero asanawerenge.

Mukatha kukumana, mmodzi alembe ndime ziwiri kapena zitatu m'kope la gulu, ndipo ngati mukufuna muziike pa Facebook kuti a magulu ena aone. Alembe dzina la buku ndi wolemba, chiganizo chimodzi chonena kuti nkhaniyo ikukamba za chiyani, kenako pomwe munagwirizana ndi pomwe munasiyana. Mathero a nkhani asaululidwe. Mayina a anthu omwe ananena zakutizakuti asalembedwe pokhapokha eni ake atalola. Wina akanena mfundo yake m'Chilhomwe chifukwa ndi momwe yamutulukira bwino, ilembeni momwemo, tanthauzo lake pambali.

Musanabalalike, chitani zinthu zitatu: sankhani buku la mwezi wamawa, lembani mndandanda wa kayendedwe kake, ndipo muwerenge mabuku onse a gulu kuti aone aliyense kuti alipo angati ndipo ali kwa yani. Tsekani pofika 4:30. Mu Juni ndi Julaye kumada msanga, ndipo amene akuchokera m'munsi mwa phiri ali ndi mitsinje yoti awoloke kusanade.